Lachiwiri Limene Esteri Sangalinene

Chithunzicho chinafika pa foni ya Esteri Lamlungu m'mawa, iye akusita diresi ya ku tchalitchi. Anachitumiza ndi mnzake wa kwaya, ndipo pansi pake anangolemba kuti, "Asisi, izi zili pa gulupu yathu kuyambira mbandakucha. Limbani mtima."

Chinali chithunzi cha sikirini ya kompyuta, chojambulidwa mopendekeka, kuonetsa kuti wojambulayo anali pa changu. Pamwamba panali dzina la Bryson, mnyamata amene ankafuna kumukwatira, ndi nambala ya chiphaso chake cha unzika. Pansi pake panandandalikidwa masiku amene Bryson anabwera kudzalandira ma ARV chaka chino.

Esteri sanafunike kuuzidwa kuti kompyutayo ndi ya kuti. Inali ya pa kachipatala ka bungwe kamene kali kuseri kwa minda ya tiyi, komwe iye ndi kalaliki wolowetsa mbiri za odwala. Ngakhale kamng'alu ka pakona pa sikiriniyo kankaoneka.

Nkhani ya mankhwalayo sinali yachilendo kwa iye. Bryson, makaniko wa njinga zamoto pa Limbuli, anamuuza yekha chibwenzi chitangotha miyezi itatu. Anali atakhala pa kalavati ya m'mbali mwa msewu, nanazi ali m'manja. Ananena akuyang'ana pansi kuti kachilomboka anabadwa nako, mayi ake anamwalira iye ali Sitandade 4, ndipo ngati Esteri akufuna kubwerera abwerere pomwepo, palibe chakukhosi. Esteri anangoti, "Wamaliza? Ndiye senda nanaziyo, ndili ndi njala." Chikondi chawo chinalimbira pamenepo. Kwa aphungu anapita limodzi, zonse anazimva limodzi, ndipo Loweruka likudzali ankhoswe a Bryson amayenera kufika pakhomo kudzafunsira mbeta.

Fungo la nsalu yopsa ndi lomwe linamudzidzimutsa. Simbi inali itaboola diresi pachifuwa. Anavala ina, anapita ku tchalitchi komweko, nakhala pa benchi ya kutsogolo kuti onse ofuna kumuyang'ana asavutike ndi kupotokola makosi.

Ali m'njira analembera Bryson kuti, "Ndaona. Si ine. Ndiyimbire." Uthengawo unawerengedwa, koma yankho silinabwere.

*

Madzulo ake akuluakulu a pakhomo anamuyitanira Esteri pansi pa mtengo wa mapeyala. Amayi ake anakhala pa mphasa atakulunga manja m'chitenje. Pa mpando panali atsibweni ake, a Alufeyo, mkulu wa mpingo amene akatsokomola ana a Sande Sukulu amasiya kupuma. Chimwalirireni bambo ake a Esteri, mawu omaliza pakhomopo ankachokera kwa iwowa.

"Mphwanga," anayamba a Alufeyo, "kale mnyamata akafuna mwana wathu, timatuma munthu kwawo akafufuze. Kaya kuli misala, kaya kuli khunyu, kaya ndi akuba, timadziwiratu. Lero Mulungu watipeputsira ntchito, wofufuzayo ali m'nyumba momwemo. Iwe umagwira kompyuta imeneyi. Tiuze, zili pa chithunzizi ndi zoona kapena zabodza?"

"Sindingayankhe, atsibweni."

"Sungayankhe, kapena sukudziwa?"

"Za munthu aliyense amene ali m'kompyutamo sindinena. Ndinasayinira. Ndiponso pano kuli lamulo, mbiri ya munthu si yongotola ngati mapeyala akugwa okha. Mwini wake yekha ndiye anganene."

A Alufeyo anaseka ndi mphuno. "Lamulo la ku Lilongwe lidzakulerera ana amasiye? Mawa ukatsegule, usindikize pepalalo, ubwere nalo pano ndilione ndi maso angawa. Apo ayi, Loweruka alendo akowo akapeza pakhomo pano palibe wowalonjera."

"Esite, mvera," anatero amayi ake motsitsa. "Bwanji osangotenga Morton? Mwana wodzichepetsa, ntchito imodzi ndi iwe, akapita ku Blantyre saiwala kutigulira buledi."

Morton ndi kalaliki mnzake wa Esteri. Anamufunsira kawiri, kawiri konse anakanidwa, ndipo chikanidwireni anayamba kupereka moni wa manja awiri kwa amayi ake a Esteri.

"Amayi, ngati nkhani ndi buledi, ndizikugulirani ndine," anatero Esteri. Kenako anatembenukira kwa atsibweni ake. "Atsibweni, mukufunadi ndiyambe kunena za anthu? Chabwino, koma mundiuze poyambira. Paja akulu anati mapanga awiri avumbwitsa."

Amayi ake sanamve tanthauzo lake, anangoti mwanayu wayamba mwano. Koma a Alufeyo anamva, ndipo anayamba kufufuza mpango m'thumba.

Nkhani yake ndi iyi. Mkulu wa mpingoyu ali ndi mkazi wina kutsidya kwa mtsinje wa Muloza, ku Mozambique, ndi kamwana ka zaka zitatu. Kuno palibe akudziwa, amati amapita ku Vila, tauni ya kutsidyako, kukapikula nyemba. Miyezi iwiri yapitayo, Lachiwiri lina m'mamawa, anabwera kwa Esteri maso ali gwa, kamwanako kakukomoka ndi malungo ndipo mayi ake sakudziwa chochita. Anagwada, munthu wamkulu ndi imvi zake, kupempha mphwake awaperekeze. Anawoloka mtsinje pa njira ya chidule imene anthu a kuno amadutsa opanda chidindo, anathamangira nako kuchipatala, ndipo kamwanako kanapulumuka. Pobwerera a Alufeyo anamulumbiritsa Esteri kuti asadzanene kwa wina aliyense, ngakhale kwa Bryson.

Kuntchito tsikulo Esteri anachita zimene aliyense pa kachipatalako amachita kukagwa maliro kapena mwana akadwala. Anayimbira Morton kuti amusayinire m'buku la obwera kuntchito, namupatsa pasiwedi yake kuti ntchito ya tsikulo ilowe m'dzina lake. Mawa lake anasintha pasiwediyo, nkhani n'kuiwalika.

"Pepalalo sindibweretsa," anatero Esteri akudzuka pa mphasa. "Ndipo Loweruka ngati inu simuwalonjera, ndidzawayalira mphasa ndine."

*

Lolemba chiperoni chinagwa kuyambira m'mawa, phiri osaoneka n'komwe. Ataweruka kuntchito, Esteri anakwera kabaza mpaka pa Limbuli. Anapeza Bryson atagwada pansi pa shedi yake, akumasula tcheni cha njinga yamoto. Masiku onse pa benchi ya pamenepo pamadzaza anyamata a kabaza odikira njinga zawo, akukangana za mpira. Tsikuli pa benchipo panali tambala yekha.

"Sukundiyankha bwanji?"

Bryson sanadzutse mutu. "Ndiyankhe chiyani? Dzulo mayi wa zitumbuwa uja wandipatsa chenje atachikulunga m'pepala kuti manja athu asagundane. Zaka makumi awiri ndasunga nkhani imeneyi. Ndauza munthu mmodzi yekha."

"Ndiye munthu mmodziyo ndi amene wajambula?"

"Sindinatero."

"Usandinamize, Bryson. Watero ndi msana wakowo."

Apo anaponya sipanala pansi n'kuimirira. Maso ake anali ofiira. Esteri anamva chisoni chomwe sanachimvepo chiyambire, ndipo pamwamba pa chisonicho panali mkwiyo.

"Esite, usiku wonse ndakhala ndikudziuza kuti si iwe. Koma mpando umenewo umakhala ndiwe. Achimwene anga akuti mwina unkafuna kutsimikiza, unatumizira mnzako mmodzi, mnzakoyo n'kutumizira mnzake. Akuti Loweruka tisapite kukachita manyazi."

"Achimwene akowo ndi amene akukwatira?"

"Usayambe."

"Ndayamba kale. Tamvera, kompyuta ija si chitsiru. Aliyense amene watsegula mbiri ya wodwala, imalemba dzina lake, tsiku ndi nthawi. Ife sitingafufute. Ndipo iwe ngati mwini mbiriyo uli ndi ufulu wofunsa kuti anaitsegula ndani, anatiphunzitsa ku maphunziro a lamulo latsopano lija. Mawa bwera, tikalowe limodzi kwa a Sisitala. Ukamve ndi makutu ako."

"Ndikalowe pa chipata chija anthu onse akundiyang'ana?"

"Akuyang'ana kale. Kusiyana kwake n'koti mawa ndidzakhala nditakugwira dzanja."

Bryson anayang'ana manja ake akuda ndi girisi. "Ukudziwa amene wachita?"

"Ndikumukayikira, koma sinditchula munthu popanda umboni. Ndikatero ndisiyana bwanji ndi a pa gulupu aja?"

Kwa nthawi yoyamba tsikulo, kumwetulira kunayesa kutuluka pa nkhope ya Bryson. "Iwe ukanakhala loya, anthu akanathawa m'boma lino."

"Ndikanayamba ndi iwe, mlandu wosayankha mauthenga."

Esteri anamugwira dzanja, girisi ndi girisi yemwe. Pobwerera kwawo analandira uthenga wa Bryson: "Ndikhululukire. Ndibwera 9 koloko. Ndivale shati iti?" Anayankha kuti, "Yoyera ija. Tikupita kukapambana."

Munthu akamadziwa kuti sanalakwe amayenda mothamanga, sayang'ananso pansi.

*

Lachiwiri, 9 koloko itangokwana, analowa pa chipata atagwirana manja. Amayi a kusikelo anasiya kutonthoza ana. Mlonda anapereka sawasha kwa Bryson mosadziwa chifukwa chake. Pakhonde anakumana ndi Morton atanyamula mafayilo.

"Achimwene, pepani ndi zomwe zachitikazi," anatero Morton, dzanja lili pachifuwa. "Anthu alibe umunthu masiku ano."

"Sungani pepaniyo, mwina muifuna nokha," anatero Esteri osaima.

A Sisitala Madalo, amene amayang'anira kachipatalako, anawalandira mu ofesi n'kutseka chitseko. Ndi mayi wosakonda mawu ambiri. Anati nkhaniyi inawafika Lamlungu lomwelo, ndipo anali atapempha kale a kulikulu la bungwe kuti atumize ndandanda wa onse amene anatsegula mbiri ya Bryson. Pepalalo linali pa tebulo, atalitembenuza chafufumimba.

"Bambo, choyamba ndikupepeseni. Munatipatsa mbiri yanu kuti tikuthandizeni, osati kuti iziyenda m'mafoni. Muli ndi ufulu wokadandaula kumene mungafune, ndipo ine sindikutsekerezani." Anatembenukira kwa Esteri. "Iwe, ukufunadi ndiwerenge iwowa ali pano?"

"Werengani, a Sisitala. Mokweza."

A Sisitala anavala magalasi. Anati mayina onse pa ndandandawo ndi a adokotala ndi a kumankhwala, pa masiku amene Bryson anabweradi kuchipatala. Kupatula tsiku limodzi. Lachiwiri, pa 11 June, nthawi ya 10:40 m'mawa, mbiriyo inatsegulidwa wodwala asanabwere, ndipo inakhala chotsegula mphindi zinayi. Masiku a pa chithunzi chija akuthera pomwepo, ndiye kuti chinajambulidwa tsiku limenelo.

"Dzina ndi lako, Esteri."

Esteri ankaganiza kuti chithunzicho chajambulidwa sabata yomweyi. Sanaganizepo kuti munthu angajambule chinthu mu June n'kuchisunga m'foni ngati mbewu, kudikira tsiku la ankhoswe limveke.

"Si ine. Tsiku limenelo kunalibe ine kuno. Pasiwedi yanga ndinapatsa Morton."

"Ukudziwa kuti zimene wanenazi pazokha n'zochotsetsa ntchito?"

"Ndikudziwa. Chotsani, koma si ine ndinajambula."

A Sisitala anatuma kuti Morton abwere ndi buku la obwera kuntchito. Morton analowa mwaulemu, anamvetsera mpaka pamapeto, kenako anapukusa mutu ngati munthu womvera mnzake chisoni.

"Asisi, ine pasiwedi yanu ndiidziwira kuti? Ndili ndi yanga. Ndipo pa 11 June munalipo, si apa munasayina?"

Siginecha inali pomwepo, yofanana ndi ya Esteri mpaka kamchira ka kumapeto. Morton ali ndi dzanja labwino, n'chifukwa chake aliyense pa kachipatalako amapempha iyeyo.

"Anasayina ndi iweyo, ndinakupempha ndine pa foni."

"Ndiye ngati kunalibe kuno, unali kuti?" anafunsa a Sisitala. "Tchula malo, tchula munthu amene unali naye. Ndimuyimbira pompano."

Esteri anatsegula pakamwa. Anaona a Alufeyo atagwada m'matope, anaona kamwana kaja maso atatembenuzika, anaona azakhali ake, mkazi wa a Alufeyo wa kuno, amene amadwala mtima ndipo amaphikira mwamuna wawo kamba wa pa ulendo wa ku Vila. Anatseka pakamwa.

"Sindinganene. Si nkhani yanga."

Nthawi yonseyi chala cha Bryson chinali chikuyenda pa foni yake. Amabwerera m'mbuyo m'mauthenga awo, kudutsa July, kufika mu June. Atapeza chimene amafuna, anaika foniyo pa tebulo n'kuikankhira kwa Esteri. Unali uthenga wa pa 11 June, 10:15 m'mawa. Iye anali atafunsa kuti, "Uli kuti wokondedwa, foni yako ikuvuta." Yankho la Esteri linali lakuti, "Ndili kuntchito, anthu achuluka lero. Tiyankhulana madzulo."

Esteri anaulemba ali pa benchi ya chipatala cha ku Vila, kamwana kali pamiyendo.

"Ndiye chimodzi mwa ziwiri," anatero Bryson, mawu ake ali otsika. "Kapena unali kuno, unajambula. Kapena unali kwina, unandinamiza. Ndisankhe chiti, Esite?"

"Ndinakunamiza za malo. Za chithunzi sindikunama."

"Unali ndi ndani?"

"Bryson, ndikanakhala munthu wonena za anthu, bwenzi zako nditanena Lamlungu pansi pa mtengo wa mapeyala. Ndinakana. N'chimodzimodzi apa."

"Ine ndinakuuza zonse ndi pakamwa panga, pa kalavati paja. Sindinasiye kalikonse." Anatenga foni yake n'kuimirira. "Ndikupatsa mpaka Lachisanu. Ukandiuza kumene unali, Loweruka ankhoswe abwera ngakhale achimwene akane. Ukapanda kundiuza, usadzandilemberenso."

Anatuluka yekha pa chipata chija, shati yoyera ikunyowa ndi chiperoni. A Sisitala anauza Esteri kuti asiye makiyi pa tebulo, akhale kunyumba kufikira a kulikulu atabwera.

*

Esteri sanalire. Anayenda wapansi kudutsa m'minda ya tiyi, osayankha moni wa amayi othyola masamba, mpaka madzulo anakafika kwa a Alufeyo. M'njira monse amakonza mawu. Sakawaopseza, sakawanyoza. Akangowapempha chinthu chimodzi, kuti apite kwa Bryson, awiri okha, akanene kuti pa 11 June mphwawo anali nawo. Za mkazi ndi mwana anene okha ngati akufuna.

Atakhota pa nthochi za kuseri kwa nyumba, anaona njinga yamoto ya Morton itaimikidwa pabwalo. Mwini wake anali pakhonde, pa mpando wa alendo olemekezeka, kapu ya tiyi ili m'manja. Azakhali ake a Esteri anali akutuluka m'nyumba ndi mbale ya chinangwa chophika.

"Esite, wafika bwino," anatero azakhaliwo. "Mnzakoyu wabwera kudzatiuza za tsoka lakugwera kuntchito. Akuti iye akhoza kukakupepesera kwa mabwana."

"Apepese za iye mwini. Atsibweni, ndikufuna tiyankhule pambali."

A Alufeyo anadzuka mosafulumira, namutsatira mpaka pa khola la mbuzi. Esteri anafotokoza zonse, pasiwedi, buku, uthenga, ndi Lachisanu la Bryson. A Alufeyo anamvetsera akuthothola udzu pa denga la kholalo.

"Ndiye ukufuna ndikaime pamaso pa mnyamata uja ndinene kuti ndinali ku Vila ndi iwe. Iye afunsa kuti kukatani. Mawa mpingo wonse wadziwa, azakhali akowa tawanyamula pa machira."

"Ndinapulumutsa mwana wanu, atsibweni."

"Unatero, ndipo Mulungu adzakulipira."

"Ntchito yanga yapita chifukwa cha inu. Banja langa likupita chifukwa cha inu. Amene wakhala pakhonde panuyo ndi amene wajambula, ndipo inu mukudziwa."

"Ine za makompyuta sindizidziwa." Anataya udzu uja n'kupukuta manja. "Chimene ndikudziwa n'chimene unanena wekha Lamlungu, mayi ako akumva. Unati nkhani ya munthu, mwini wake yekha ndiye anganene. Ndinakwiya, koma nditagona ndinaona kuti mphwanga ali ndi nzeru. Mwini wake ndine, ndipo sindinena."

Esteri anawayang'ana m'maso osaphethira. "Nanga ndikanena ine?"

A Alufeyo anamwetulira, kumwetulira komwe amamwetulira polandira alendo pa khomo la tchalitchi.

"Ukanena, mnyamata wakoyo adzadziwa kuti chinsinsi umasunga pokhapokha chisanakupweteke. Ndiye adzakhulupirira bwanji kuti chake sunanene?"

A Alufeyo anabwerera kukhonde. Azakhali anakuwa kuti Esteri abwere adzamwe tiyi asanazizire, ndipo Morton anasuntha mpando wake kumupatsa malo. Foni inanjenjemera m'manja mwa Esteri. Anali Bryson, mawu atatu okha: "Ndikudikira. Dzina lokha."

Anayamba kulemba chilembo choyamba cha dzina la atsibweni ake, chala chake n'kuima pomwepo.